Tidavotera Nyali, Koma Tikuyatsa M'nyumba za Eni

Pa 14 June 1993 Amalawi tidavotera nyali. Kodi nyaliyo tikuyatsa m'nyumba ya yani?

Kumudzi, kaya ku Tsangano kaya ku Bilira, munthu amaumba njerwa, n'kumanga yake, n'kugona tulo. Koma akangofika pa boma pa Ntcheu wasanduka mkamwini wa landilodi. Lendi imakwera m'mene mwini nyumba walotera, ndipo ukadandaula akuti longedza.

Ena amati lendi ndi ya aulesi. Bodza lamkunkhuniza! Ku Germany anthu oposa theka amakhala pa lendi, koma lamulo silola kuwathamangitsa popanda chifukwa. Ku Singapore mabanja 9 mwa 10 ali m'nyumba zawozawo, chifukwa boma lidamanga n'kuwagulitsa. Ife tilibe zonse ziwiri. Malawi Housing Corporation ilipo chiyambire 1964, koma ndi aphunzitsi angati pa Ntcheu adagwirapo kiyi wake?

Inu amene mudathawa nkhanza za Kamuzu mukukumbukira Forfeiture Act ya 1966, yomwe inkalanda nyumba za anthu osagwada. Lamulolo lidatha, koma mantha ogona panja sadathe.

Aphungu athu, tipatseni mapuloti otsika mtengo ndi lamulo loteteza wapalendi. Mukakana, tidzaonana pa voti.