Kambuku wa pa Ndolo ndi Kambuku wa M'nkhalango

Amisiri ambiri masiku ano akujambula ndi manja nkhope ya kambuku wamizeremizere wa ku Asia pa ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi. Ogulitsa ena amati ukagula, wathandiza kupulumutsa nyamayi. Kodi zimatekadi?

Kuti nyamayi ili pangozi, palibe wotsutsa. Zaka 100 zapitazo akambukuwa analipo pafupifupi 100,000, koma pofika 2010 anatsala pafupifupi 3,200 okha. Ku zilumba za Bali ndi Java anatheratu. Chaka chomwecho cha 2010, mayiko 13 okhala ndi akambukuwa anakumana ku St Petersburg n'kugwirizana zoti chiwerengerochi chiwirikize pofika 2022. Ku Nepal zinatheka: kuchoka pa 121 mu 2009 kufika pa 355. India, yomwe inayamba ntchito yoteteza akambuku yotchedwa Project Tiger mu 1973, inawerenga oposa 3,000 mu 2022.

Oikira kumbuyo malondawa ali ndi mfundo yomveka. Munthu sateteza chinthu chimene sachikonda, ndipo ndolo yokongola imayambitsa macheza pamene chikalata cha akatswiri sichingafike. Komanso pali zokongoletsera zina zoopsa: zikhadabo ndi mano enieni a kambuku amazikuta ndi golide n'kuzigulitsa mobisa. Mu 2016, akuluakulu a boma atalowa pa kachisi wina wotchuka wosunga akambuku ku Kanchanaburi, ku Thailand, anapeza ana a kambuku 40 akufa mufiriji ndi zithumwa zambirimbiri zachikopa cha nyamayi. Poyerekeza ndi zimenezi, kambuku wautoto sakhetsa magazi.

Komabe mtima wanga sukhazikika. Mu 2018, katswiri wina, Franck Courchamp, ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti nyama zimene anthu amazikonda kwambiri, kambuku ali patsogolo, zikutha anthu osadziwa. Iwo ankaganiza kuti chifukwa china n'chakuti timaziona paliponse, pa zovala, pa zidole, pa zotsatsa malonda, mpaka timayesa kuti kutchire nakonso zangoti mbwee. Ngati zili choncho, ndolo yopanda uthenga ingathe kugonetsa munthu m'malo momudzutsa. Ndipo lonjezo lakuti gawo la phindu lipita kukateteza nyama n'losavuta kulemba. Gawo lanji? Lipita kwa yani? Wogulitsa wachilungamo sangavutike kuyankha.

Ngakhale burashi yojambulira ili ndi nkhani yake. Ku India maburashi ena amapangidwa ndi ubweya wa nyenga, nyama yotetezedwa ndi lamulo, moti mu 2019 boma linachita kusakasaka opanga ake. N'zopweteka kuganiza kuti nyama ina ingafe kuti inzake ijambulidwe.

Kwa ine nkhani yagona pa kumene ndalama ikuthera. Amene amalipira mtengo wa kukhala pafupi ndi kambuku si wovala ndolo wa ku London. Ndi mlimi amene ng'ombe yake yagwidwa usiku, ndi mkazi wa kufupi ndi nkhalango ya Sundarbans amene mwamuna wake anapita kukafula uchi osabwerako, ndi mabanja amene anasamutsidwa kuti nkhalango ikule. Anthu amenewa akaona kuti kambuku amangowabweretsera maliro ndi umphawi, sangaulule wotchera misampha. Nkhalango ya Sariska, ku India, inapezeka kuti ilibe kambuku ndi mmodzi yemwe cha mu 2005, alonda ali pomwepo.

N'chifukwa chake ndimalemekeza zimene zimachitika pafupi ndi nkhalango ya Ranthambore, ku Rajasthan. Kumeneko bungwe la Dastkar Ranthambore lakhala likugwira ntchito ndi amayi a m'midzi yozungulira, kuphatikizapo ya anthu osamutsidwa, popanga zinthu zamanja zogulitsa kwa alendo, ndipo ojambula a m'tawuni yapafupi ya Sawai Madhopur amadya za zithunzi za akambuku a m'nkhalango yawo yomweyo. Mayi amene amalipirira mwana sukulu ndi ndalama ya mlendo wodzaona kambuku amafuna kuti kambukuyo adzakhalepo chaka chamawa. Ndolo yochokera m'manja ngati amenewa ndingaigule mosakayika. Yojambulidwa kutali, yopanda dzina la mudzi kapena la bungwe lolandira ndalamazo, ndingaigule chifukwa cha kukongola kwake basi.