Si makani amene akuwasunga m'mphepete mwa Mwanza

Mvula ikangoyamba kuopsa, uthenga wa boma kwa anthu a m'chigwa cha Shire umakhala womwewo chaka ndi chaka: samukirani kumtunda. Madzi akaphwa, ambiri amabwerera kumene anali, ndipo pamamveka dandaulo lakuti anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amakani, ena mpaka kunena kuti amakhalira dala m'madzi kuti azilandira ufa ndi mabulangete. Mlanduwu tauweruza tisanamve mbali ya eni ake. Kwa Chapananga, kumadzulo kwa boma la Chikwawa kumene mtsinje wa Mwanza umadutsa usanakathire mu Shire, munthu samamatira malo chifukwa cha mtima wokha. Malowo ndiwo amamudyetsa, ndiwo amamupatsa dzina pabwalo la mfumu, ndipo manda a makolo ake ali pomwepo.

Tiyambe ndi chakudya. Chigwachi ndi chotentha, mvula yake ndi yochepa komanso yosadalirika. Munda wa kumtunda, umene kuchigwa amautcha mphala, umapirira ukadzalidwa mapira, mchewere kapena thonje, koma chimanga chimapserera kawirikawiri mvula ikadula mu Januwale. Chimene chimapulumutsa banja ndi dimba. Madzi omwe aja amene amagwetsa nyumba amasiya dothi lachonde ndi chinyontho, ndipo mvula ikatha anthu amadzalamo chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, n'kukolola kachiwiri pamene nkhokwe za kumtunda zayamba kale kupepuka. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lonena za chigwachi, anasonyeza kuti moyo wa kuno unamangidwa pa minda iwiriyi pamodzi, wina ukalephera wina n'kugwiriziza. Onjezanipo madzi akumwa: zitsime zambiri za m'chigwa zimatulutsa madzi amchere, pamene mumchenga wa Mwanza, ngakhale mu Okutobala mtsinje utauma, amayi amafukula n'kutunga, ng'ombe ndi mbuzi n'kumwa. Mukamuuza munthu wotere kuti achoke kumtsinje osamuuza kumene akadye, iye amamva kuti mukumuchotsa pangozi ya sabata imodzi kuti akakhale panjala ya chaka chonse.

Palinso nkhani ya ulemu, imene malipoti a ku ofesi saiwerengera. Banja likasamukira m'dera la mfumu ina limasanduka obwera. Malo olima limachita kubwereka kapena kulipira, mawu ake pabwalo amachepa mphamvu, ndipo nyakwawa imene inali ndi mudzi wake imakakhala pansi pa nyakwawa inzake. Maliro akagwa pamabuka funso lakuti aikidwa kuti. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amaudziwa bwino moyo wa obwera, chifukwa anasungapo anzawo othawa nkhondo ya ku Mozambique, nthawi imene dziko lino linalandira anthu oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa mu 1992, ambiri mwa iwo anasiya chakudya cha m'makampu n'kubwerera kumidzi imene inali mabwinja okhaokha. Palibe amene anawatcha amakani.

Wina anganene kuti zonsezi n'zoona, koma malo amene anthuwa akuwakonda si omwe aja a makolo awo. Apa ndikuvomera, ndipo sindivomera mwaulemu chabe. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 abwera motsatizana kwambiri moti mudzi sumayamba wapuma. Namondwe Ana anadula mlatho wa Chapananga, umene unali usanakhalitse n'komwe, n'kuwononganso damu la Kapichira mpaka dziko lonse linavutika ndi magetsi. Mitengo ya kumtunda kumene Mwanza amachokera yathera m'makala ndi m'minda, mchenga wadzaza mumtsinje, ndipo madzi akabwera amasowa podutsa n'kumwazikira m'midzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, koma khwawa lenilenilo lakwiririka, choncho nzeru yakale yakuti madzi amalekezera pamtengo wakutiwakuti lero ikhoza kupha munthu. Palibe mwana amene ayenera kugona pamalo otere.

Komabe kusintha kwa malo si kwachilendo m'chigwa chino. M'zaka za m'ma 1930 nyanja ya Malawi inakwera, Shire anadzaza, ndipo madimba ambiri amene ankalimidwa thonje anamira n'kusanduka madambo. Anthu anasuntha nyumba, anasintha mbewu, ena anayamba usodzi. Chachilendo lero n'chakuti posunthira pachepa. Mbali ina kuli malo osungira nyama zakutchire a Majete, amene kuyambira 2003 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks ndipo anazunguliridwa ndi mpanda wa waya. Mbali ina kuli paki ya Lengwe. Kumunsi kuli minda ya nzimbe ya ku Nchalo imene inayamba m'ma 1960. Sindikunena kuti njovu ndi mikango zibwerere kumene zinachokera, pakuti Majete wabweretsa ntchito ndi alendo, ndipo mpandawo umatetezanso minda. Ndikungonena kuti mtunda umene boma limaloza ndi chala uli ndi eni ake kale, ndipo anthu achulukana.

Choncho funso loyenera si lakuti asamuke kapena asasamuke, koma chimene chiyenera kusamuka. Nyumba, sukulu ndi khola zikwere kumtunda. Dimba likhalebe la mwini wake, ndi njira ya kumanda ikhalebe yotsegula. Ena amaopa kuti munthu akasungiridwa dimba adzamanganso khumbi pomwepo n'kubwerera. Adzabwereradi ngati malo atsopano ali kutali moti sangapite kumunda m'mawa n'kubwerako madzulo, kapena ngati akafika kumeneko apeza tchire lopanda chitsime. Dipatimenti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi khonsolo ya Chikwawa ziyambe ndi madzi ndi mapepala a malo, mahema ndi malata zibwere pambuyo. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola kuti banja lilembetse malo ake, ndipo banja losamutsidwa liyenera kulembetsedwa malo onse awiri, atsopano ndi dimba lakale, kuti lisakhale lobwereka kwa moyo wonse. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira ikayamba kupereka madzi, mabanja amene anasiya nyumba zawo chifukwa cha madzi osefukira akhale m'gulu loyamba kuganiziridwa pogawa minda.