Amai a kunyumba naonso apumuleko

Ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic, kuli hotela yaing'ono yochedwa Aria imene inatsegulidwa mu 2003. Zipinda zake zinapatsidwa maina a akatswiri a nyimbo, ndipo okwatirana amapitako kukatsitsimutsa cikondi cao.

Ife alimi ku Prague sitingafikeko, koma phunziro lilipo. Tikagulitsa cimanga ku FRA kapena thonje, abambo ena amasowa pakhomo mlungu wathunthu, ndalama n'kuthera m'mabala a ku Chipata. Amai amene analima nao, kupalira ndi kukolola amatsala akuyang'ana kumseu. Kodi cimeneci n'cilungamo?

Ife tikuti, coyamba patulani za feteleza ndi za sukulu. Zikatsalako, tengani akazi anu mukagone usiku umodzi pa loji yaing'ono m'tauni, mudye cophika ena, mukambirane za banja popanda ana. Paja pa cikwati munalonjeza pamaso pa mpingo kuti mudzawasamala.

Nanunso eni maloji, tiikireni nyimbo za Alick Nkhata ndi P.K. Chishala motsitsa, osati phokoso logonthetsa m'khutu. Mwamuna ndi mkazi abwera kudzamvana.