Wodwala Asanatuluke M'chipatala, Nyumba Yake Iyambe Yaonedwa

Tsiku limene wodwala atuluka m'chipatala limakhala lachimwemwe. Achibale amamanga katundu, amalandira mankhwala ndi kapepala ka tsiku lodzabweranso, nakweza mbale wawo pa galimoto kapena pa ngolo. Pofika kumudzi anthu amasonkhana kudzamzonda, ena atanyamula ufa, ena nkhuku. Koma alendo akabalalika, dzuwa litalowa, wodwala uja amafuna kupita kuchimbudzi, ndipo apa mpamene banja limazindikira kuti palibe amene adaganizirapo za m'mene iye adzafikire kumeneko.

Zotere zimachitika kawirikawiri kwa anthu amene adafa ziwalo mbali imodzi ndi matenda a sitiroko, amene adadulidwa mwendo, amene adavulala msana, ndiponso okalamba amene maso ndi miyendo yawo zafooka. M'chipatala munthu wotere amaphunzira kuyenda pa simenti yosalala, atagwira zitsulo, namwino ali pambali pake. Kwawo amakapeza khonde lalitali, khomo lopapatiza, bwalo lokumbika ndi madzi a mvula, ndi chimbudzi chonjuta chimene chili kuseri kwa khola. Zimene adaphunzira kwa milungu ingapo zimatha m'masiku owerengeka, pakuti alibe pozichitira. Chifukwa chake nkoyenera kuti nyumba ya wodwala wotere iziyamba yaonedwa ndi kukonzedwa iye asanatuluke, kapena m'masiku oyamba atangofika, ndipo ntchito imeneyi iziwerengedwa monga gawo la chithandizo chake, mofanana ndi mankhwala.

Chifukwa choyamba ndi ngozi. Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse lidalengeza m'chaka cha 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka ndi chaka kaamba ka kugwa, ndipo oposa 80 mwa 100 alionse a iwowa ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Wokalamba akaterereka pabafa nathyoka fupa la m'chiuno, amagona nthawi yaitali. Kugonako kumabweretsa zilonda za kumsana ndi chibayo, ndipo ambiri sadzukanso. Mwala umodzi wa ndere ukhoza kufafaniza ntchito yonse imene madokotala adagwira.

Chifukwa chachiwiri ndi ulemu wa munthu. Bambo amene dzana ankalima munda wake, lero akudikira mpongozi kuti amunyamule kukadzithandiza. Mayi amene adalera ana asanu ndi awiri sangathe kudzitungira madzi akumwa chifukwa mtsuko uli patali. Anthu otere amayamba kukana chakudya ndi madzi poopa kuvutitsa anzawo, amasiya kucheza, ndipo mtima ukafooka thupi limatsatira. Kawirikawiri chowalepheretsa sichikhala matenda okha ayi, koma kamangidwe ka nyumba ndi kaikidwe ka zinthu, zimene manja a anthu akhoza kusintha.

Alipo akatswiri amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa odwala kudzichitira okha zinthu za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kuvala, kudya ndi kuphika. Pa Chingerezi amatchedwa occupational therapist. Katswiri wotere akafika pakhomo sayamba ndi kulamula. Amayamba wafunsa wodwalayo zimene ankachita asanadwale ndi zimene akufunitsitsa kuchitanso. Kenaka amampempha kuti aonetse m'mene amadzukira pogona, m'mene amatulukira panja, m'mene amafikira kuchimbudzi, kubafa ndi kukhitchini. Poyenda naye chomwecho amaona pamene phazi likukodwa, pamene dzanja likusowa chogwira, ndi pamene mpweya ukumthera. Nyumba siyesedwa payokha. Imayesedwa pamodzi ndi mwini wake, pakuti khonde limene silivuta wakhungu likhoza kukhala phiri kwa woyenda pa njinga ya olumala.

Kuyendera kumayambira pogona. Munthu wofooka mbali imodzi amavutika kwambiri kudzuka pamphasa, motero amafunika bedi, ngakhale la mitengo ndi nsungwi, lotalika kufika m'mawondo, kuti akakhala m'mphepete mapazi ake onse aponde pansi. Pafupi ndi bedi pazikike mtengo wolimba wogwira podzuka. Ndodo, madzi akumwa ndi tochi zikhale kumene dzanja lake lamphamvu lingafike. Tochi iposa koloboyi, chifukwa koloboyi ikagwa pafupi ndi masikito imayatsa moto umene wodwala sangauthawe. Njira yochokera pabedi kufika pakhomo ikhale yopanda matumba, makasu, zingwe kapena mikeka yopindika. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza azitembenuzidwa maola 2 alionse, ndipo bedi lake liikidwe poti womsamalira akhoza kufika mbali zonse ziwiri.

Potuluka panja pamakhala vuto la khomo ndi khonde. Njinga ya olumala imafuna khomo losachepera masentimita 80 m'lifupi. Pamene pali masitepe pamangidwe potsetsereka pa dothi lotsendera bwino kapena pa njerwa, ndipo pasakhale pozyolika: pa masentimita 10 alionse okwera pafunika masentimita 120 a m'litali. Kotero khonde lotalika masentimita 30 lifuna potsetsereka potalika mamita oposa 3 ndi theka. Pakafupika, njinga imathamanga nigubuduza mwini wake. Kwa woyenda ndi ndodo, mtengo wopingasa womangirira pa nsanamira ziwiri umakwanira kuti azigwira pokwera ndi potsika.

Malo amene amasautsa koposa onse ndi chimbudzi. Munthu wa mwendo umodzi, wofa ziwalo, kapena wa nyamakazi ya m'mawondo sangathe kunjuta. Mpando wathabwa woboola pakati, woikidwa pamwamba pa dzenje, umathetsa vutoli, malinga uzitsukidwa ndipo dzenje lizivundikirika. M'kati muzikike mitengo yogwira pokhala ndi podzuka, ndipo pansi payesedwe ngati mitengo yake sinafumbwe ndi chiswe. Njira yopita kuchimbudzi isalazidwe, mizu ndi miyala zichotsedwe. Kwa wakhungu, chingwe chomangidwa kuchokera pakhonde kufika pakhomo la chimbudzi chimamtsogolera usana ndi usiku popanda kudzutsa mdzukulu. Usiku ndi nthawi ya mvula, ndowa yovundikira pansi pa mpando woboola m'chipinda imapulumutsa wodwala ku ulendo woopsa. Posamba m'manja, mpondagiya amathandiza munthu wa dzanja limodzi, pakuti madzi amatsika ndi phazi.

Kubafa nako kuonedwe. Miyala ya ndere ikwechedwe kapena ichotsedwe, madzi akhale ndi ngalande yotulukira, ndipo wodwala azisamba atakhala pampando, beseni lili pamalo okwera. Chiwalo chakufa nthawi zina sichimva kutentha, motero madzi ayambe ayesedwa ndi dzanja labwino.

Kukhitchini mdani wamkulu ndi moto. Mafuwa atatu a pansi avulaza anthu ambiri odwala khunyu, amene amagwera pamoto matenda akawadzidzimutsa. Wodwala khunyu asamaphike kapena kuotha moto ali yekha, ndipo banja limange mbaula yadothi yotchinga malawi. Onse a pakhomo adziwe kuti khunyu sapatsirana pogwirana kapena kudzera m'malovu, kotero munthu akagwera pamoto achotsedwe msanga popanda mantha. Amene manja awo adachita dzanzi ndi khate agwiritse ntchito nsalu yochindikala pophula miphika, ndipo odwala shuga amene mapazi awo samva bwino asayende popanda nsapato pabwalo la minga ndi makala. Mchere, ufa, mthiko ndi chipande ziikidwe pathandala lofika m'chiuno, kuti wophika asamawerame kapena kunyanyamphira.

Zazing'ono nazo zili ndi mphamvu. Supuni yokulunga nsalu kapena mphira kuchogwirira imagwirika ndi zala zofooka. Kansalu konyowa pansi pa mbale kamaletsa mbaleyo kuthawa pamene munthu akudya ndi dzanja limodzi. Povala malaya, mkono wofooka uyambe kulowa, ndipo povula ukhale wotsiriza kutuluka. Munthu amene waphunzira izi amadya ndi kuvala yekha, ndipo womsamalira amapeza mpata wopita kumunda.

Pali anthu amene sakondwa ndi kuyenderedwa kotere. Ena amati nchamanyazi kuti mlendo alowe kuchipinda ndi kusuzumira kuchimbudzi. Mawu amenewa ngomveka, ndipo wantchito wa zaumoyo ayenera kuodira, kupempha chilolezo, ndi kusunga pakamwa pake pa zimene waona. Koma iye sabwera kudzawerenga chuma cha banja kapena kudzanyoza umphawi. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Eni nyumba adazolowera dzenje la pakhomo kotero kuti amalilumpha osaliona, pamene diso la mlendo limaliona tsiku lomwelo.

Ena amati zonsezi nza anthu a ndalama a m'tauni. Koma pa zinthu zatchulidwazi, zambiri zimangofuna dothi, nsungwi, mitengo, luzi ndi tsiku limodzi la ntchito. Mmisiri wa matabwa wa m'mudzi akhoza kukhoma mpando wa kuchimbudzi ndi zidutswa zotsala. Chimene chimadya ndalama zenizeni ndi kubwereranso kuchipatala ndi fupa lothyoka kapena chilonda cha moto: kulipira galimoto, kugula chakudya cha wodikirira, ndi kusiya munda nthawi yopalira.

Kutsutsa kovuta koposa kumachokera m'chikondi. Ana ambiri amaona kuti kulola kholo lodwala kudzisambitsa kapena kudzidyetsa ndi nkhanza, ndipo amaopa kuti anansi adzati alitaya. Tsono amamchitira zonse, namgoneka m'chipinda tsiku lonse. Chikondi chotere chili ndi mtengo wake wowawa. Chiwalo chosagwira ntchito chimaonda, mfundo zake zimauma, ndipo pakapita nthawi sichiwongokanso. Kwa wodwala sitiroko, miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira ndiyo imene thupi limabwezera mphamvu zake mofulumira, ndipo miyezi imeneyi ikathera pamphasa sibwereranso. Kusamala kwenikweni ndi kukonza malo kuti akhale osaopsa, kuima pafupi, ndi kuleza mtima pamene wodwala akulimbana ndi batani la malaya ake. Atulutsidwe pakhonde, apatsidwe nyemba zosankha, mtedza wosenda kapena chimanga chotong'ola, kuti zala zake zilimbe ndipo adzione kuti akadali wofunika pakhomopo.

Nzoona kuti akatswiri a ntchito imeneyi ndi ochepa m'Malawi, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu ndi kumalo monga Kachere mu mzinda wa Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Sangafike pakhomo lililonse. Komabe maganizo opititsa chithandizo kumudzi si achilendo. Msonkhano wa maiko wa ku Alma-Ata m'chaka cha 1978 udagwirizana kuti chithandizo cha zaumoyo chifike kumene anthu amakhala, ndipo bungwe la Malawi Against Polio, limene lidayamba m'chaka cha 1979, lidayendera maboma ndi ndodo, nsapato ndi zitsulo zothandiza ana opuwala kuyenda. Lero m'midzi muli alangizi a zaumoyo amene amayendera kale makomo pa nkhani za zimbudzi, madzi ndi katemera. Nkoyenera kuti alangizi amenewa aziphunzitsidwanso kuona nyumba ndi diso la wodwala, ndiponso kuti zipatala zizitumiza uthenga kwa iwo munthu wolumala akamatuluka.

Pakali pano banja lisakhale manja lende kudikira mlendo. Wodikirira wodwala afunse adokotala kapena anamwino, tsiku lotuluka lisanafike, zimene mbale wake adzatha kuchita yekha ndi zimene adzafuna chithandizo. Afotokoze m'mene kwawo kulili: kutalika kwa khonde, kukula kwa khomo, mtunda wa kuchimbudzi. Amene ali ndi foni yojambula akhoza kuonetsa zithunzi za malowa kuti alangizidwe bwino. Wina wa pabanja atsogole kumudzi kukakonza, ndipo nyakwawa, komiti ya zaumoyo ndi a mpingo athandize makamaka kumene wodwala ndi wamasiye kapena wosamalidwa ndi wokalamba mnzake. Pakatha mwezi nyumbayo ionedwenso, chifukwa munthu akamapeza mphamvu zosowa zake zimasintha: amene adayamba ndi njinga akhoza kufuna mtengo wogwira, ndipo wa mtengo akhoza kufuna ndodo yokha.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mabanja ambiri amamanga chogwirira pabafa agogo atagwa kale, namanga mbaula mwana atapsa kale. Aliyense amene ali ndi mbale wogona m'chipatala, kapena kholo lokalamba pakhomo, ayende lero kuchokera pogona pa munthuyo kufika kuchimbudzi, pang'onopang'ono, akudzifunsa ngati akadafika ndi mwendo umodzi, ndi dzanja limodzi, kapena mumdima. Pamene waona chopinga akonze sabata yomwe ino, ndipo chimene chamkanika akachitule kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi.