Aqua si motoka yakufa, ndife tikuipha

Tatopa nayo nkhani ya pamalo otsukila motoka pano pa Chongwe, yakuti Toyota Aqua ni motoka yotaya, yakuti batili ikangofa basi mwagula citsulo ca nkhuku zogonamo. Ku wailesi kumene timathandizila, acinyamata amaimba foni na funso limodzimodzi. Munthu wasunga ndalama zaka zitatu, wina wawonjezela za kaloba, afuna kuyamba taxi, koma amalume amuletsa kugula hybrid. Amalumewo sanatsegulepo ngakhale boneti yake.

Amati ni zinthu zatsopano zosayesedwa. Zatsopano kwa ndani? Toyota inayamba nchito imeneyi mu 1993 pansi pa dzina lakuti G21, ndipo injiniya Takeshi Uchiyamada ndiye anatsogolela gulu limene linatulutsa Prius ku Japan mu December 1997. Ambili amene muwelenga pano munali musanabadwe. Aqua ni mng'ono wake wa Prius. Inatuluka mu December 2011, ku America amaicha Prius c, ndipo inali kupangidwa ku Iwate, dela limene linasakazidwa na civomezi na tsunami mu March caka comweco. Kuyambila 2013 mpaka 2015 ndiyo inali motoka yogulidwa kwambili m'Japan. Anthu a kumeneko si opusa pa ndalama.

Nzelu yake ni yosavuta kumva. Muli injini ya petulo ya malita 1.5, mota yamagetsi, na batili imene anaibisa pansi pa mpando wakumbuyo kuti buti isacepe. Mukaponda mabuleki, mota ija imasanduka jeneleta, ndipo mphamvu imene motoka zina zimataya ngati kutentha imabwelela mu batili. Mukaima, injini imazima yokha. Ganizilani mzele wa m'mawa pa Great East Road, kucokela ku Chelstone kudutsa Munali mpaka Manda Hill: mnzanu wa Mark X akuwocha petulo ali cilili, inu muli zii. Siifunanso soketi, conco mdima wa 2024 uja, pamene madzi anacepa ku Kariba, sunaikhudze. Pa mayeso a ku Japan inalembedwa makilomita 35.4 pa lita imodzi. Wogulitsa akakulonjezani nambala imeneyo pa misewu yathu, akunama. Koma ngakhale mutacotsapo gawo lalikulu, mukadali patsogolo, makamaka kucokela mu 2022 pamene ERB inayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi uliwonse.

Manje tikambe zimene okonda Aqua safuna kumva. Anaipangila tala. Pansi pake pali masentimita 14 cabe, ndipo amene wayendako ku Kanakantapa nthawi ya mvula adziwa tanthauzo lake. Ngati kwanu ni kumunda, gulani ina, sitikangana nanu.

Koma cimene cimapha batili si mwala, ni kutentha. Batili ija ili na kafani kake kamene kamakoka mphepo ya m'kati mwa motoka kudzela pa kabowo ka m'munsi mwa mpando wakumbuyo. Ife timatsegula mawindo m'fumbi la October, timatseka kabowoko na cola kapena thumba la mbatata, fani imadzala fumbi na tsitsi, ndipo palibe amene amaitsukapo. Batili ikapsa, mlandu timaupeleka ku Japan. Tisaiwalenso kuti zambili zimafika pa Nakonde kucokela ku Dar es Salaam zitayenda kale zaka khumi. Kugula yotelo osailumikiza ku kompyuta yoyezela batili n'kuponya ndalama m'citsime, ndipo timacita zimenezi cifukwa penti ikuwala.

Apa ndiye mkwiyo wathu ufika kwa amakanika. Batili ya Aqua ili na timagawo 20, tonse pamodzi mavoti 144. Nthawi zina kofooka ni kamodzi kapena tiwili, ndipo wodziwa amatipeza na makina. Wosadziwa amaona mawaya a olenji, amacita mantha (ndipo n'zoona, mawayawo angaphe munthu), koma m'malo movomela kuti sanaphunzile, amauza mwini wake kuti motoka yatha. Mnyamata uja amaigulitsa mochipa, kaloba ikadali pakhosi.

Mu April 2022 Zambia na DRC zinasainilana mgwilizano wa kupanga mabatili a motoka zamagetsi. Mkuwa tili nawo. Nanga n'cifukwa ciani munthu wa pa Chongwe ayenela kukokela Aqua yake mpaka ku Lusaka kuti akangomuuza kagawo kamene kafooka? Masukulu a nchito zamanja a pansi pa TEVETA aike hybrid pakati pa maphunzilo a umakanika, ndipo aikenso makosi afupiafupi a amakanika amene ali kale pansi pa mitengo ya mango. Kwa ife a pa wailesi, maikolofoni ni yotsegula: makanika aliyense wa m'boma lino amene anatsegulapo batili ya Aqua n'kuibweza bwino, abwele adzayankhe mafoni aja.