Kodi kusiya nyama kungathandize wodwala matenda a shuga?

Matenda a shuga akuchulukirachulukira pa dziko lonse. Bungwe loona zaumoyo la WHO likuti odwala nthendayi adakwera kuchoka pa 200 miliyoni mu 1990 kufika pa 830 miliyoni mu 2022. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi shuga wokwera.

Pofuna chithandizo, ena atembenukira ku kadyedwe kotchedwa vegan, komwe munthu sadya chilichonse chochokera ku nyama: nyama yeniyeniyo, nsomba, mazira, mkaka ngakhale batala. Mauthenga ena a pa WhatsApp amafika ponena kuti kadyedweka kamachiza shuga ndipo mankhwala ngosafunikanso. Apa mpamene pagona ngozi, chifukwa m'mawu amenewa muli choona pang'ono, bodza lambiri.

Zomwe ofufuza adapeza

Mu 2006, Dr. Neal Barnard ndi anzake ku America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 99 odwala shuga wa mtundu wachiwiri, uja amagwira kwambiri akuluakulu. Kwa masabata 22, gulu lina linkadya zakudya zakumunda zokhazokha zopanda mafuta ambiri, lina linkatsata kadyedwe ka masiku onse kolangizidwa kwa odwala shuga. M'gulu loyambalo, 43 mwa 100 alionse adachepetseredwa mankhwala, pomwe m'gulu linalo adali 26. Oyambawo adatsikanso thupi ndi makilogalamu oposa 6, anzawo atatu okha.

Kafukufuku wina, wa yunivesite ya Loma Linda, adaunika akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist oposa 60,000 ku America ndi Canada. Zotsatira za mu 2009 zidaonetsa kuti mwa osadya chilichonse cha nyama, 2.9 mwa 100 alionse adali ndi shuga, kuyerekeza ndi 7.6 mwa odya nyama.

Chimathandiza nchiyani kwenikweni? Nyemba ndi masamba zili ndi ulusi womwe umachedwetsa chakudya kusanduka shuga m'magazi, komanso zimakhutitsa popanda kunenepetsa. Mafuta akachepa m'thupi, makamaka ozungulira chiwindi ndi kapamba, insulin imayamba kugwira bwino ntchito. Kutsika thupi nkofunika kwambiri moti pa kafukufuku wa DiRECT ku Britain mu 2017, odwala 46 mwa 100 alionse omwe adaikidwa pa ndondomeko yochepetsa thupi shuga wawo adabwerera m'chimake patatha chaka, chonsecho ndondomekoyo sidali ya vegan.

Mbale ya kuno ndi yosiyana

Anthu a m'kafukufuku wa ku America ankasiya nyama yambiri, soseji ndi tchizi. M'makomo ambiri kuno nyama imaoneka mwa apo ndi apo. Chodzadza mbale ndi nsima ya ufa woyera, mitanda itatu kapena inayi, ndiwo zili pang'ono pambali. M'mawa ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Masana, chipisi ndi chakumwa chozizira kukhosi. Munthu angadye zonsezi osakhudza nyama ngakhale pang'ono, koma shuga nkumakwerabe.

Ofufuza a ku Harvard adatsimikiza mfundoyi mu 2016 atatsata anthu oposa 200,000. Odya kwambiri zakumunda zabwino, monga mbewu zosakonola, nyemba, masamba ndi zipatso, chiopsezo chawo chodwala shuga chidatsika ndi 34 pa 100. Odalira ufa woyeretsa, mbatatesi ndi zakumwa zotsekemera chiopsezo chidakwera ndi 16 pa 100.

Choncho kwa wodwala wa kuno, kusiya usipa nkumadyabe nsima yambiri ndi kulasa mtengo nyama ili apo. Chofunika nkuchepetsa mitanda, kugwiritsa ntchito mgaiwa, mapira kapena mawere m'malo mwa ufa woyera, ndipo theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru kapena therere. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi nsinjiro zimapereka zomanga thupi. Mgaiwa nawo umakweza shuga ukachuluka, ndipo thobwa lothira shuga silisiyana kwenikweni ndi zakumwa za m'botolo.

Zofunika kusamala

Choyamba ndi mankhwala. Amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide akasintha kadyedwe mwadzidzidzi, shuga angatsike mopitirira muyezo. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzaoneni, chizungulire ndi kubalalika mutu. Zikatero, m'patseni madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenako adye chakudya. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu. Thamangirani naye kuchipatala. Nchifukwa chake wofuna kusintha kadyedwe ayenera kuyamba wauza adokotala a kukiliniki ya shuga kuti aziyezedwa pafupipafupi. Wochepetsa mankhwala ndi dokotala, osati wodwala.

Chachiwiri ndi vitamini B12. Imeneyi imapezeka mu nsomba, nyama, mazira ndi mkaka, koma m'masamba ndi nyemba mulibe. Metformin, mankhwala omwe odwala shuga ambiri amamwa, amachepetsanso vitaminiyi akamwedwa zaka zambiri. Ikasowa, magazi amachepa ndipo mapazi amachita dzanzi kapena kutentha, zomwe munthu angaganize kuti ndi shuga yemweyo. Wosiyiratu zanyama ayenera kumwa mapilitsi a B12. Ngati sangawapeze mosadukiza, ndi bwino asasiye usipa, matemba kapena dzira.

Chachitatu ndi ana. Shuga wa mtundu woyamba, yemwe amayamba kawirikawiri ali ang'ono, amabwera chifukwa thupi lasiya kupanga insulin. Palibe chakudya chingalowe m'malo mwa jakisoni, ndipo mwana akasiya kubayidwa angamwalire m'masiku ochepa. Komanso bambo kapena mayi akasiya nyama, asasiyitse nyumba yonse. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ngopinimbira. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa akufunika magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya, kuphatikizapo zochokera ku nyama. Odwala impso nawo asachulutse nyemba ndi masamba asanafunse kuchipatala.

Uthenga wopita nawo kumudzi

Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka akafunsidwa za nkhaniyi, asayankhe kuti "siyani nyama" kapena "musasiye". Ayambe afunsa mafunso atatu: mumamwa mankhwala anji, mumadya mitanda ingati ya nsima, nanga mudayezetsa liti shuga? Mayankho ake ndiwo aonetse poyambira.

Kadyedwe ka vegan kangathandize wamkulu wodwala shuga wa mtundu wachiwiri, makamaka wonenepa, ngati zakudyazo nzosankhidwa bwino, B12 ilipo ndipo achipatala akumutsata. Amene sangathe kusiya nsomba ndi mazira asade nkhawa: kuchulutsa nyemba ndi masamba, kuchepetsa nsima ndi zotsekemera, kuyenda ndawala mphindi 30 pa tsiku ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa kungam'patse phindu lalikulu lomwelo.