Njinga ya bambo sindiigulitsa

Pa tchuthi chapitachi ndinatsutsana ndi msuweni wanga mpaka nsima inazizira m'mbale. Nkhani yake inali ya njinga. Bambo anandipatsa Phoenix yawo yakuda, imene ankanyamulira mbatata ya kachewere kuchokera kwa Dambe ine ndisanabadwe. Lero limu yakumbuyo inapindika, tcheni chimangovuka, chishalo chinang'ambika. Ndinali nditasunga kandalama, ndipo msuweniyo anati: "Munthu wa ku yunivesite n'kumakwera chimenechi? Kagulitse kwa ogula zitsulo, uwonjezere, ugule ya magiya."

Taonani mmene anayambira. Sanafunse ngati felemu ili yolimba, kapena kumene ndimapita nayo. Anayambira pa yunivesite. Matenda athu ophunzirafe ndi amenewa: timagula chinthu poganizira amene atione tili nacho, osati msewu umene chikayendemo.

Ndipo msewu wake ndi wa ku Neno. Boma lathuli linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma phula la msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza talimva kwambiri pa misonkhano ya ndale kusiyana ndi pansi pa matayala. Chilimwe ndi fumbi ndi miyala, dzinja ndi matope onata. Njinga ya magiya ili ndi kachitsulo kosinthira tcheni kolendewera pafupi ndi nthaka. Matope akalowamo, kapena mwala ukakagunda, ulendo wathera pomwepo. Ukapita kwa makaniko wa pansi pa mtengo, amakayang'ana n'kukuuza kuti ukakafune ku Limbe. Mnzanga wina anagula yoteroyo, yofiira, yokhala ndi masipuling'i, m'sitolo ina ya m'tauni. Mvula yoyamba isanathe inali itakolekedwa kudenga. Chikomekome cha mkuyu.

Phoenix ilibe zonsezo. Giya ndi imodzi, tcheni n'chonenepa, mabuleki ndi a timitengo tachitsulo, opanda waya woti n'kuduka. Masipoko, chubu ndi mapedulo ake umazipeza pa tsiku la msika. Felemu ndi yachitsulo: ikang'aluka, wowotcherera aliyense amene ali ndi magetsi amailumikiza. Ya aluminiyamu sangaikhudze.

Mukafuna umboni, kaimeni pa Zalewa m'mamawa muone anthu a makala akulunjika ku Blantyre, matumba atasanjikizana kupitirira mutu. Sindikuyamikira makala, amene atimalizira mitengo. Ndikungoti anthu amenewa njinga ndiye mpamba wawo, sangasewere nayo, ndipo zimene amakwera ndi zakudazi, atazilimbitsa kaliyala ndi zitsulo. Ngakhale a World Bicycle Relief, atakhala pansi kuti apange njinga ya misewu ya kumudzi, anatulutsa Buffalo: yachitsulo, yolemera, kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Akatswiri anazungulira mpaka anafika pa njinga yofanana ndi ya bambo.

Ndisaname, msuweni ali ndi mfundo ziwiri. Mapiri a kumtunda kwa Neno si masewera, ndipo giya yopepuka imathandiza pa chitunda. Koma ndani anakwerapo zitunda za kwa Dambe ali pachishalo, thumba la mbatata lili kumbuyo? Tonse timatsika n'kumakankha. Yachiwiri ndiyo imandiopsa: mabuleki a njinga zakalezi sagwira msanga limu ikanyowa, ndipo pa mtsetse munthu ukhoza kukathera kuphompho. Yankho lake ndi mphira zatsopano za mabuleki, limu yowongoka, ndi kutsika pamene pafunika kutsika. Zimenezi sizifuna njinga yatsopano.

Tsono pali ndalama. Njinga zimachokera kunja, zambiri ku China ndi ku India. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unathawa. Zipangizo nazo zinakwera, inde, koma zimagulika pang'onopang'ono: limu mwezi uno, tcheni mwezi wamawa. Ndalama ndili nayoyi siingagule njinga yatsopano yabwino. Ingagule yatsopano yotchipa, ndipo anzanga ambiri amasokoneza ziwirizi. Amene ali ndi ndalama ya Buffalo agule, sindimuletsa. Amene felemu yake inadyeka ndi dzimbiri mpaka kubooka, asataye ndalama poikonza. Koma kusinthanitsa chitsulo chimene chapirira zaka zonsezi ndi penti, chifukwa choti uli ndi chiphaso cha ku koleji m'thumba, ine ayi.

Loweruka ndinaikankha mpaka kwa makaniko. Anaigadabuza, anaunika molumikizira monse, anagogoda felemu ndi sipanala n'kumvetsera. "Iyi siinathe, achimwene," anatero. Tayamba ndi limu yakumbuyo ndi mabuleki. Chishalo chidikire kaye, pakadali pano ndakulungapo chiguduli.